Dzimbiri ndi Mbiri: Mtengo wa Galimoto Yakale ya ku Britain Yosakonzedwanso

Galimoto ya Jaguar E-Type yopangidwa mu 1963 inasololedwa pansi pa mpanda wa zitsamba m'chigawo cha Surrey ku England, kumene inagona zaka zambiri ikuvumbwa ndi mvula. Inali itadyedwa ndi dzimbiri ndipo sikanatha kuyenda. Itaikidwa pa okishoni mu 2016, munthu wina anaigula pa mapaundi 58,000. Pamene galimoto ya mtunduwu inkatuluka koyamba mu 1961, yatsopano inkagulidwa pa mapaundi opitirira pang'ono 2,000.

Munthu wozolowera msika wa magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito, kumene mtengo umatsika chaka ndi chaka ndipo kadontho ka dzimbiri ndi chifukwa chokwanira chonenerera, angaganize kuti wogulayo mutu sunkamuyenda bwino. Koma pa msika wa magalimoto akale a ku Ulaya ndi ku America zoterezi sizachilendo. Chiphapha chimene sichinakhudzidwe ndi dzanja la wokonza chimaposa mtengo wa galimoto yonyezimira ya mtundu womwewo nthawi zina, ndipo ogulitsa amalemba mawu akuti "sinakonzedwepo" ngati chinthu chonyadira. Kuti munthu adziwe ngati mtengo wotere uli woyenera, ayenera kudziwa kumene maganizowa anachokera, chifukwa sanalipo kuyambira kale. Kwa zaka zambiri anthu a ku Britain ankaona galimoto yotere monga mmene wina aliyense angaionere: zitsulo zakutha zoyenera kutayidwa.

Magalimoto amene sanapangidwe kuti akhalitse

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, dziko la Britain linali ndi ngongole zambiri ndipo linkasowa madola. Chitsulo chinali chochepa, motero boma linkachigawa mokondera makampani amene ankagulitsa katundu wawo kunja. Opanga magalimoto anazindikira kuti ku America kunali anthu ofuna galimoto yaing'ono ya anthu awiri, yaliwiro, yotheka kutsitsa denga, imene makampani a ku Detroit sankapanga. Apa ndi pamene panakulira mtundu wonse wa magalimoto amene lero akulimbiranidwa. Kampani ya MG inatulutsa TC mu 1945. Jaguar inaonetsa XK120 mu 1948. Austin-Healey 100 inaonekera pa chionetsero cha ku London mu 1952, ndipo Triumph TR2 inatsatira mu 1953. Mu March 1961, pa chionetsero cha ku Geneva, Jaguar inatulutsa E-Type, imene maonekedwe ake anajambulidwa ndi Malcolm Sayer, katswiri amene anayamba wagwira ntchito yopanga ndege. Atolankhani amene anaiyesa analemba kuti inafika liwiro la makilomita 240 pa ola, pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi Ferrari kapena Aston Martin. Chaka chotsatira MGB inayamba kupangidwa ku Abingdon, ndipo pofika 1980 anali atapanga oposa 500,000.

Ambiri mwa magalimotowa anawoloka nyanja kupita ku North America. Opangawo sankaganiza za zaka makumi asanu zakutsogolo. Ankapanga katundu wogulitsa msanga, woti ayende zaka zingapo mwini wake n'kugula wina. Chitsulo sichinkatetezedwa mokwanira ku chinyezi. E-Type ndi MGB zinapangidwa mwa njira yatsopano panthawiyo, yakuti bodi yeniyeniyo ndiyo inyamule kulemera kwa galimoto m'malo mwa chasisi yapayokha. Bodi yotere imakhala ndi timabokosi totsekeka ta malata, makamaka m'munsi mwa zitseko, mmene madzi ndi matope zimalowa koma osatuluka. M'nyengo yachisanu misewu ya ku Britain imathiridwa mchere kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcherewo umafulumizitsa dzimbiri. Galimoto inkayamba kuwola kuchokera m'kati, mwini wake akuipukutabe kunja.

Mu 1960 boma la Britain linakhazikitsa lamulo lakuti magalimoto a zaka khumi kapena kuposerapo aziyesedwa ngati ali oyenera kuyenda pamsewu. Zaka zimenezi zinachepetsedwa mpaka kufika pa zitatu mu 1967. Magalimoto ambirimbiri akale analephera mayesowo ndipo anakaphwanyidwa. Ena anakankhidwira m'magalaja ndi m'nkhokwe za m'mafamu, eni ake akulonjeza kuti adzawakonza akadzapeza ndalama. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, makamaka mafuta atakwera mtengo mu 1973, Jaguar yakale yomwa petulo wambiri inali galimoto yotchipa, yogulidwa ndi anyamata amene sakanatha kuisamalira. E-Type inasiya kupangidwa mu 1974 atapanga oposa 70,000. Fakitale ya MG ku Abingdon inatsekedwa mu October 1980, ndipo chaka chotsatira magalimoto aliwiro a Triumph nawonso anatha. Chitseko chitatsekedwa m'pamene anthu anayamba kuwerenga otsala.

Nyengo ya penti watsopano

Chikondi cha magalimoto akale chinalipo kale ku Britain pakati pa anthu ochepa. Bungwe la Vintage Sports-Car Club linayamba mu 1934, ndipo mu 1952 Lord Montagu anayamba kuonetsa magalimoto akale kunyumba kwake ku Beaulieu, malo amene pambuyo pake anasanduka National Motor Museum. Koma m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 chikondichi chinasanduka bizinesi. Kunabadwa magazini, makalabu a eni magalimoto, makampani opanga masipeya, ndi magalaja ogwira ntchito yokonzanso magalimoto akale basi.

Muyeso wa ubwino panthawiyo unali umodzi: galimoto ioneke ngati yangotuluka kumene m'fakitale, kapena kuposa pamenepo. Pa mipikisano ya kukongola kwa magalimoto, monga wa ku Pebble Beach ku California umene unayamba mu 1950, oweruza ankachotsa mapointi pa kachilema kalikonse. Motero wokonza ankapala penti yense mpaka pachitsulo, kung'amba chikopa cha mipando, kutaya makapeti ndi mawaya, n'kuika zatsopano. Zizindikiro za choko zimene amisiri a ku fakitale analemba kuseri kwa zitseko, mawotcheredwe awo osasalala, ndi mtundu weniweni wa penti wa nthawiyo, zonsezi zinapita kudzala. Palibe ankaona kuti chikutayika chilichonse.

Chitsanzo chooneka bwino ndi cha E-Type zoyambirira. Pansi pake popondapo mapazi panali pathyathyathya, ndipo anthu ataliatali ankadandaula kuti miyendo ikusowa malo. Kampani inasintha kapangidweko mu 1962, ndipo ena mwa eni magalimoto oyambirirawo anadula pansipo n'kuwotcherera malata akuya. Ankaona kuti akuikonza galimotoyo. Lero E-Type ya pansi pathyathyathya ndi yodula kuposa zinzake zambiri, ndipo imene inadulidwa yataya chimene chikanaikwezera mtengo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anthu a ndalama anayamba kugula magalimoto akale monga mmene amagulira masheya. Enzo Ferrari atamwalira mu August 1988, mitengo ya magalimoto ake inakwera mopanda malire n'kukokera pamodzi ya Jaguar, Aston Martin ndi Austin-Healey. Amalonda a ku Britain anapita ku California ndi ku Arizona, kumene kuli kouma ndipo misewu sithiridwa mchere, kukagula magalimoto amene makolo awo anagulitsa kumeneko, n'kuwabwezera kwawo m'makontena. Ambiri anakonzedwa mothamanga kuti akagulitsidwe msika usanazizire. Mabowo a dzimbiri ankamatidwa ndi phala louma ngati mwala, pamwamba n'kupoperapo penti wofiira. Mu 1990 chuma chinasokonekera, chiwongoladzanja chinali chokwera, ndipo mitengo inagwa. Amene anagula ndi ngongole anatsala ndi magalimoto osagulitsika, ndipo patapita zaka zochepa penti atayamba kutukusira anaona okha chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyambira pamenepo ogula anayamba kukayikira kunyezimira.

Panalinso china chimene chinasintha zinthu. Mu 1988 kampani ya British Motor Heritage inayamba kupanganso bodi zatsopano za MGB pogwiritsa ntchito zikombole zenizeni za ku fakitale yakale. Munthu akanatha kutaya bodi yowola, kugula yatsopano, kusamutsiramo injini yokonzedwanso ndi masipeya atsopano, n'kukhomapo kachitsulo ka nambala ka galimoto yakale ija. Galimoto yotere imayenda bwino ndipo ndi yolimba. Koma funso linabuka lakuti: kodi ikadali galimoto yomwe ija?

Mlandu wa Old Number One

Funso limeneli linafika ku Bwalo Lalikulu la Milandu ku London mu 1990, ndipo galimoto imene inkakanganidwa inali Bentley Speed Six yotchuka ndi dzina lakuti Old Number One. Galimotoyi inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, ku France, kawiri: mu 1929 ikuyendetsedwa ndi Woolf Barnato ndi Tim Birkin, ndipo mu 1930 ikuyendetsedwa ndi Barnato ndi Glen Kidston. Dzinalo linachokera pa nambala 1 imene inanyamula mu 1929. Barnato, amene anali tcheyamani wa kampani ya Bentley ndiponso amene ankaipatsa ndalama, anali mwana wa Barney Barnato wa migodi ya dayamondi ya ku Kimberley ndi ya golide ya ku Johannesburg. Chuma chimene chinayendetsa Bentley m'zaka zimenezo chinakumbidwa pansi pa nthaka ya kum'mwera kwa Africa, m'dera la migodi limene kwa mibadwo ingapo linkameza amuna ochokera ku Mozambique, Nyasaland ndi Northern Rhodesia.

Kampani ya Bentley itagwa mu 1931 n'kugulidwa ndi Rolls-Royce, Barnato anasunga galimotoyo ngati yake. Makaniko wake, Walter Hassan, anaimanganso mu 1932 pa chasisi ina, ndipo kenaka anaikamo injini yaikulu ya malita 8. M'chaka chomwecho, pa bwalo la mpikisano la Brooklands, galimotoyo inachita ngozi yoopsa imene inapha woyendetsa wake, Clive Dunfee. Inakonzedwanso n'kupatsidwa bodi ina yoyendera pamsewu wamba. Patapita zaka zoposa makumi asanu, mwini wake wa panthawiyo, Edward Hubbard, anagwirizana ndi kampani ya Middlebridge Scimitar kuti aigulitse pa mapaundi 10 miliyoni. Kampaniyo inabwerera m'mbuyo, ikunena kuti chimene ikupatsidwa si Old Number One yeniyeni, popeza chasisi, injini ndi bodi zimene zinapambana ku Le Mans sizinalimo.

Woweruza Otton anamva maumboni, kuphatikizapo wa Hassan mwiniwake, amene panthawiyo anali nkhalamba ya zaka za m'ma 80. Chigamulo chake chinavomereza kuti galimotoyo sinalinso mmene inalili mu 1929 ndipo singatchedwe yoyambirira. Komabe anapeza kuti mbiri yake sinadukepo. Kusintha kulikonse kunachitika pa galimoto imodzimodziyo, pang'onopang'ono, monga mmene magalimoto a mpikisano amasinthira, ndipo panalibe galimoto ina imene ikanadzitcha dzinalo. Hubbard anapambana mlanduwo.

Chigamulochi chinasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ankaziphatikiza. China ndi kukhalapo kwa zitsulo zoyambirira. China ndi mzere wosaduka wa umboni wosonyeza kumene galimoto inali, amene anali nayo, ndi chimene anaichita chaka chilichonse. Old Number One inataya choyambacho koma inasunga chachiwiricho, ndipo chachiwiricho chinakwana kuteteza mtengo wa mapaundi 10 miliyoni. Ogula anatengapo phunziro lakuti ngati mbiri yokha ili ndi mphamvu yotere, galimoto imene ili ndi zonse ziwiri, mbiri yosaduka ndi zitsulo zake zoyamba, ndiyo chuma chosowa kuposa china chilichonse pamsikawo.

Maganizo akale afika ku magalimoto

Mkangano wa kukonzanso kapena kusunga sunayambire pa magalimoto. M'zaka za m'ma 1800 akatswiri a zomangamanga ku England ankapala makoma a matchalitchi akale n'kumanganso zigawo zina momwe iwo ankaganizira kuti zinkaonekera poyamba. John Ruskin anatsutsa mchitidwewu mu 1849, ponena kuti kukonzanso kotere kumawononga nyumba n'kusiya chifanizo chabodza pamalo pake. Mu 1877 William Morris ndi anzake anayambitsa bungwe la Society for the Protection of Ancient Buildings, limene mfundo yake inali yakuti nyumba yakale izisamalidwa ndi kuchirikizidwa, osati kupalidwa. Amalonda a mipando ndi matebulo akale anadziwanso kalekale kuti tebulo la zaka mazana awiri likapalidwa n'kupakidwa vanishi watsopano, mtengo wake umatsika.

Magalimoto anachedwa kulandira maganizowa chifukwa galimoto imayenera kuyenda, ndipo choyenda chimatha. Komabe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mpikisano wa ku Pebble Beach unatsegula magulu a magalimoto osungidwa osakonzedwanso. Mu 2012 bungwe la padziko lonse la magalimoto akale, FIVA, linavomereza chikalata chotchedwa Charter of Turin, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2013. Chikalatacho chimalimbikitsa kusunga zida zoyambirira mmene kungathekere, kulemba ntchito iliyonse yochitidwa pa galimoto, ndi kulemekeza zosintha zimene zinachitika m'nthawi imene galimotoyo inkagwira ntchito yake monga gawo la mbiri yake.

Msika unatsatira. Mu 2016 Jaguar D-Type imene inapambana ku Le Mans mu 1956 ikuyendetsedwa ndi Ron Flockhart ndi Ninian Sanderson inagulitsidwa ku Monterey pa madola 21.78 miliyoni, ndipo chimene chinatamandidwa kwambiri chinali chakuti inafika zaka zimenezi ili ndi ziwalo zake zikuluzikulu zoyamba. Chitsanzo cha E-Type Lightweight n'chomveka koposa. Mu 1963 ndi 1964 Jaguar inapanga magalimoto 12 okha a mtunduwu, a bodi ya aluminiyamu, ngakhale inakonza zopanga 18. Mu 2014 kampaniyo inalengeza kuti ipanga asanu ndi imodzi otsalawo pa manambala amene anasungidwa, ndipo iliyonse inagulitsidwa pa mapaundi opitirira miliyoni imodzi. Mu January 2017 imodzi mwa 12 zoyambazo, imene Bob Jane anapambanira mpikisano ku Australia mu 1963 ndipo inasungidwa pafupifupi mmene inalili, inagulitsidwa ku Scottsdale pa madola 7.37 miliyoni. Kapangidwe n'kamodzi, kampani n'njimodzi, ndipo zatsopanozo zinamangidwa mwaluso kuposa zakalezo. Kusiyana konse kwa mtengo kunagona pa zaka ndi umboni. Mu 2024 mphotho yaikulu ya ku Pebble Beach inapita kwa nthawi yoyamba kwa galimoto yosakonzedwanso, Bugatti Type 59 ya mu 1934. Muyeso wakale uja unali utatembenuzidwa.

Yosungidwa ndi yosiyidwa

Mawu akuti "yosakonzedwanso" amabisa magalimoto a mitundu iwiri yosiyana kotheratu. Ina ndi yosungidwa: inakhala m'galaja louma, inkayendetsedwa mwa apo ndi apo, oilo ankasinthidwa, ndipo penti wake wazilala koma ndi wake. Galimoto yotere ingapitirire kukhala mmene ilili, ndipo kwa akatswiri ndi buku lowauza mmene fakitale inkagwirira ntchito. Ina ndi yosiyidwa: inaiwalidwa panja kapena m'nkhokwe yodontha, ndipo singayende popanda kuphwasulidwa yonse. Mitengo yodabwitsa ija inapangidwa ndi magalimoto a mtundu woyamba. Ogulitsa ambiri amabwereka ulemu wa mtundu woyambawo n'kuuveka pa wachiwiri, mpaka ena amaleka dala kutsuka fumbi kuti zithunzi zikope.

Galimoto ikaima zaka makumi awiri kapena atatu siikhala monga inalili tsiku limene inazimitsidwa. Mapisitoni amamatirira m'masilinda. Mafuta a mabuleki amakoka chinyezi n'kudya mapaipi kuchokera m'kati. Petulo wotsala m'thanki amasanduka phula. Labala aliyense amauma n'kusweka, ndipo makoswe amadya mawaya ndi zam'kati mwa mipando. Pa E-Type injini imakhala pa chimango cha timapaipi topyapyala tomangidwa kutsogolo kwa bodi, ndipo timapaipito tikachita dzimbiri timangofunika kusinthidwa. Kukonzanso galimoto yotere kumadya maola mazanamazana a amisiri odziwa ntchito, kawirikawiri opitirira chikwi. Ntchitoyo ikatha, penti woyamba, chikopa choyamba ndi malata ambiri oyamba zimakhala zapita. Chimene wogula analipirira ndalama zowonjezera chimathera m'ntchito yomwe ija yopangitsa galimotoyo kuyenda. Madzi akatayika saoleka.

Izi sizitanthauza kuti galimoto yosiyidwa ilibe phindu. Ubwino wake umodzi ndi wakuti sinama. Palibe anabisa mabowo ake pansi pa penti, palibe anasintha manambala ake, ndipo wogula amaona ndi maso ake kukula kwa ntchito imene ikumudikira. Kwa munthu amene akufuna kuyang'anira yekha kukonzako kuyambira pachiyambi, chiphapha chathunthu chimene zida zake zonse zilipo n'chabwino kuposa galimoto yonyezimira ya m'ma 1989 imene sadziwa za m'kati mwake. Jaguar ya pansi pa mpanda ija inali ya m'gulu loyamba la E-Type, la injini ya malita 3.8, limene limafunidwa kwambiri. Wogula wake anali ndi chifukwa. Koma masamu ake ndi osavuta: mtengo wogulira kuphatikiza mtengo wokonzera usapose kwambiri mtengo wa galimoto yokonzedwa bwino ya mtundu womwewo. Malipiro a mmisiri pa ola ndi amodzimodzi kaya akuwotcherera Aston Martin kaya MGB. Pa galimoto yosowa masamuwa angakwane. Pa MGB, imene inapangidwa yoposa theka la miliyoni ndipo yabwino imapezeka mosavuta, kukonzanso chiphapha pa galaja lolipira pafupifupi nthawi zonse kumadya ndalama zoposa mtengo wa galimotoyo ikatha. Amene amachita zimenezi amachita chifukwa cha chikondi, kapena chifukwa inali ya bambo awo, ndipo palibe cholakwika malinga ngati sakudzinamiza kuti akusunga chuma.

Chotsala ndi umboni. Mabuku a mafakitale ambiri anapulumuka. Jaguar Daimler Heritage Trust imasunga a Jaguar, ndipo British Motor Museum ku Gaydon imasunga a MG, Triumph ndi Austin-Healey. Mabungwewa amapereka satifiketi yosonyeza tsiku limene galimoto ya nambala yakutiyakuti inapangidwa, mtundu wa penti wake, ndi kumene inatumizidwa. Wogula wanzeru amayerekeza zimenezi ndi manambala odindidwa pa injini, pa giyabokosi ndi pa bodi. Koma satifiketiyo imangotsimikizira kuti galimoto ya nambala imeneyo inatuluka m'fakitale. Siitsimikizira kuti imene yaima pamaso pa wogula ndi yomweyo, popeza kachitsulo ka nambala kamatheka kusamutsidwa. N'chifukwa chake buku lakale la umwini, malisiti a ku galaja, mapepala a msonkho ndi zithunzi za banja, zimene anthu ambiri amataya poyeretsa m'nyumba ya womwalira, zimalemera pamtengo kuposa mmene zimaonekera.

Nkhaniyi imakhudzanso kum'mwera kwa Africa. Magalimoto a ku Britain ankagulitsidwa m'dera lonseli, ndipo ena, monga MGA, ankalumikizidwa ku Durban. Nyengo youma ya ku Johannesburg ndi ku Bulawayo, misewu yopanda mchere, ndi chiwongolero chakumanja monga cha ku Britain, zinachititsa amalonda a kumeneko kufunafuna magalimoto a m'derali monga anachitira ndi a ku California. Ambiri mwa amene anatsala anakhalitsa chifukwa cha luso la amakaniko amene, masipeya atasowa, ankasula zida zawo kapena kuikamo injini ya galimoto ina. Pamsika wa ku London galimoto yotere imataya mtengo chifukwa manambala sagwirizana. Komabe zosinthazo ndi gawo la ulendo wake, ndipo zikalembedwa moona zimakhala mbiri, pamene zikabisidwa zimakhala chinyengo. Banja limene lapeza galimoto yotere kuseri kwa nyumba ya agogo limataya zambiri likathamangira kuipaka penti kuti ikongole isanagulitsidwe, kapena likaotcha bokosi la mapepala ake.

Mitengo payokha siikhazikika. Inagwa mu 1990, inakweranso kwambiri m'zaka za m'ma 2010, ndipo m'zaka zaposachedwa ya magalimoto ambiri a m'ma 1950 ndi 1960 yafooka, pamene m'badwo umene unkawasirira uli ana ukukalamba ndipo ogula achinyamata akufuna magalimoto a ubwana wawo. Chimene sichinasinthe kuyambira pa mlandu wa mu 1990 ndi maziko a mtengowo. Galimoto yosakonzedwanso imayenera ndalama zowonjezera ngati ili yosowa, ngati zida zake zoyamba zingathe kusungidwa ikuyendabe, ndiponso ngati pali mapepala olumikiza tsiku limene inachoka ku Coventry kapena ku Abingdon ndi tsiku limene ikugulitsidwa. Zitatuzi zikasowa, mtengo wake woyenera ndi wa galimoto yokonzedwa bwino kuchotsapo ndalama zonse zoikonzera, ndipo nthawi zambiri chotsalacho chimakhala chochepa kuposa chimene wogulitsa walemba. M'Chichewa mawu akuti dzimbiri ndi akuti mbiri amasiyana ndi kachigawo kamodzi kokha, koma pamsika wa magalimoto akale wogula amene walephera kuwasiyanitsa amalipira kawiri: koyamba kwa wogulitsa, kachiwiri kwa wowotcherera.